Mwendo Wachisanu

Sabata ya Nc'wala ikafika, pa Mtenguleni pamasanduka tauni. Mwambo weniweni umachitika Loweruka lomaliza la February, koma amalonda amakhoma misasa kudakali masiku, ndipo ukamatsata kanjira kolowera kubwalo mphuno imalandira zonse nthawi imodzi: utsi wa nyama yootcha, mowa, matope opondedwa ndi anthu zikwizikwi, ndi kapenta. Fungo la kapenta silibisika. Ngakhale impi idutse ndi zikopa zake ndi thukuta la ngoma, iye amamvekabe.

Pali amayi ena a ku msika wa Kapata ku Chipata amene ndimagulako chaka ndi chaka. Amayala saka pansi n'kuunjika milu itatu: wa Mpulungu, wa Siavonga, ndi usipa wa ku Malawi wolowera pa Mwami. Chaka china, pofuna kuwaseka, ndinatapa pang'ono pa mulu uliwonse, n'kusakaniza m'dzanja, n'kuwatambasulira.

"Aphunzitsi, lero mwabwera ndi mayeso?" anatero. Sanaleke n'komwe kuwerengera chenji mtsikana amene anali patsogolo panga. Ndi chala chimodzi anayamba kukankha tinsomba tija m'dzanja langa momwemo, aka uku, aka uko. "Uyu ndi wa Siavonga, onani kuchepa ndi kuyera kwake. Uyu wa Mpulungu, wamkulu, wakuda msana. Aka si kapenta aka, ndi usipa, mukakamva kuwawa pa lilime."

Ndinawafunsa chimene kapenta amadya m'nyanjamo kuti anone chotere.

"Madzi," anayankha akundithirira mbasela. "Nanga m'nyanja muli nkhokwe?"

Sindinawatsutse, chifukwa ukatunga madzi a Tanganyika m'kapu n'kuwayang'ana padzuwa, uona madzi basi. Koma ukawasefa pa kansalu kothina kwambiri, pamatsala kaphala kotuwa, ndipo kaphalako kamayenda. Ndi tizilombo tosawerengeka, achibale a nkhanu, kalikonse kofanana ndi njere ya bonongwe. Akatswiri amatitcha zooplankton tonse pamodzi, ndipo fuko lochuluka pakati pawo ndi la makopepodi. Dzinali ndi la Chigiriki, tanthauzo lake miyendo ya nkhafi, chifukwa kopepodi amapalasa madzi ndi miyendo yake modumpha, tswi, n'kuima, tswi, n'kuima. Ali ndi diso limodzi lokha pakati pa mphumi, ndi tinyanga tiwiri titalitali timene amatambasula ngati manja a mwana woyenda pa mlatho wa mtengo umodzi. Iye amadya ndere zosaoneka ndi maso. Kapenta amadya iyeyo, buka buka amadya kapenta, ife timadya onse awiri.

Munthu amene anajambula ndi kupatsa dzina kopepodi wamkulu wa m'nyanja ya Tanganyika, ndi mnzake wa m'nyanja ya Malawi, anali nkhalamba ya ku Norway, Georg Ossian Sars. Ndi yemweyonso amene anajambula a pansi pa madzi oundana a kumpoto kwenikweni kwa dziko. Dzanja lake lomwelo, mumzinda wa Kristiania umene lero ndi Oslo. Ine ndinamudziwa mochedwa, nditatsala pang'ono kusiya choko, nditapeza kuti mabuku ake akale ali pa intaneti ulere pa Biodiversity Heritage Library. Kuyambira pamenepo bando yanga yathera pa masamba ake kuposa pa mpira.

Anabadwa mu 1837, mwana wa m'busa Michael Sars, amene ankati akatsika pa guwa amakatola tizilombo m'mphepete mwa nyanja, mpaka anasiya mpingo n'kukhala pulofesa. Mwanayo anakulira pa mabotolo a bambo ake. M'zaka za m'ma 1860 boma linamutuma ku zilumba za Lofoten kukafufuza nsomba ya cod, ndipo ndiye anaonetsa kuti mazira a nsombayi amayandama pamwamba, pomwe ophunzira a nthawiyo ankati amamira pansi. Sanakwatire. Buku lake lalikulu, An Account of the Crustacea of Norway, ndi la mavoliyumu 9, ndipo linayamba kutuluka mu 1890 n'kudzatha mu 1928, mwini wake ali kale m'manda: anamwalira mu April 1927, kutatsala masiku 11 kuti akwanitse zaka 90.

Tsamba la Sars ukaliona koyamba limaoneka ngati pabwalo pamene asenda ng'ombe. Pakati pagona chilombo chathunthu kawiri, kamodzi choonera kumsana, kamodzi chogonera m'mbali. Mozungulira mwayalidwa ziwalo, chilichonse pachokha, chokuzidwa, ndi kachilembo pambali pake: tinyanga toyamba, tinyanga tachiwiri, nsagwada, timanja ta pakamwa, kenako miyendo kuyambira woyamba mpaka wachisanu, ndi mchira wa mphanda. Amene anaonapo madoda akugawa ng'ombe ya pamaliro amadziwa kuti wodziwa ntchito sathyola fupa. Mpeni wake umafufuza polumikizira, ndipo mwendo umachoka wokha. Sars ankachita zomwezo pa njere ya bonongwe ija, m'kadontho pa galasi, ndi masingano, diso lili pa maikulosikopu. Ndipo tambiri mwa tizilombo timene ankasenda sitinali taziwisi. Tinali titakhala miyezi kapena zaka m'mabotolo a mankhwala osaoletsa, titafota, titakhwinyata, tina titathyoka tinyanga panjira. Iye ankayenera kuona pa mtembo wokhwinyata mmene chamoyo chinkaimira.

Chifukwa chovutikira chonchi n'chakuti makopepodi ukawaona kunja amafanana ngati anthu ovala yunifomu. Kusiyana kwawo kunabisala, ndipo pobisalira penipeni ndi pa miyendo yachisanu, yomaliza kumbuyo. Mwa achibale a uyu wa ku Tanganyika, miyendo inayi yoyamba ndi nkhafi zopalasira, koma yachisanu ya wamwamuna ili ndi ntchito ina. Wakumanja ndi waukulu, wothera ndi chikhadabo chopindika ngati chikwakwa, chokolera wamkazi. Wakumanzere ndi waufupi, ngati kadzanja, ndipo ndi umene umanyamula kathumba ka mbewu n'kukamata pa thupi la wamkazi. Kanyanga kakumanja ka wamwamuna nakonso kali ndi bondo, kamapindika n'kugwira wamkazi akamathawa. Mtundu uliwonse uli ndi kapindikidwe kakekake ka chikhadabo, kaminga kake pa mfundo yakeyake. Ukalakwitsa kaminga kamodzi wasokoneza mitundu iwiri, ndipo wodzawerenga zaka 50 m'tsogolo adzanena kuti chilombo cha ku Malawi chili ku Tanganyika pomwe kulibe.

Apa m'pamene ndimamuvulira chipewa mkuluyu. Tiubweya ta pa mwendo uliwonse anatiwerenga. Pamene pali 5 sanaikepo 6 kuti chithunzi chikome. Kanyanga ka Calanus kali ndi mfundo 25, ndipo ukakuza tsambalo pa foni n'kuyamba kuwerenga ndi chikhadabo, uzipeza zonse, iliyonse ndi utali wake, mpaka tiubweya tiwiri tatitali tonga nthenga chakunsonga. Sanajambule mafunde kumbuyo, kapena udzu wa m'madzi, kapena mthunzi wokometsera. Mzere wake ndi umodzi, wosabwerezabwereza, wonenepa pang'ono pamene chikhungwa chalimba, wopyapyala pamene thupi likuonekera mkati. Ndipo tsamba ndi tsamba anayala ziwalo mofanana, kuti woika mitundu iwiri pafupi asavutike kupeza posiyana. Uku n'kuganizira mnzako amene sunamuonepo, amenenso sanabadwe. Mpaka lero wophunzira amene wakola kopepodi m'nyanja za kumpoto amatha kutsegula Sars pambali pa maikulosikopu n'kufananiza.

Pali chinanso chimene ndinachedwa kuchimvetsa. Pansi pa masamba ake ambiri pali dzina lake ndi kamawu kosonyeza kuti chithunzicho chachokera m'dzanja lake lenileni. Masiku amenewo wofufuza ankajambula, n'kupereka kwa mmisiri wina kuti akope pa mwala kapena pa chitsulo chosindikizira. Mmisiriyo, poti sanaonepo chilombocho, ankatha kuwongola chopindika kapena kuiwala kaubweya, mmene uthenga umasinthira ukadutsa pakamwa pa anthu atatu. Sars ankajambula yekha ndi inki yapadera pa pepala limene ankalimata pa mwala, chithunzi n'kusamukira pamenepo. Pakati pa diso lake ndi diso lako palibe mkhalapakati. Koma inki yotere siikhululuka ngati pensulo, ndipo masambawo ndi mazanamazana. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Maso a nkhono ndi aakulu poyerekeza ndi zimene mkuluyu ankadikirira.

Mabotolo a kumpoto anamupeza kudzera pa chibale. Fridtjof Nansen anali mlamu wake, anakwatira mlongo wake Eva. Mu June 1893 Nansen ananyamuka ndi chombo chotchedwa Fram, chomangidwa ndi mimba yozungulira kuti madzi oundana akachipana chizitumphukira pamwamba m'malo mophwanyika. Mu September chaka chomwecho anachilola kuti chigwidwe dala kumpoto kwa Siberia, ndipo chinatengedwa ndi madzi oundanawo pang'onopang'ono mpaka chinadzamasuka mu August 1896 pafupi ndi Spitsbergen. Ophunzira ambiri ankati nyanja ya Arctic ndi yosaya. A m'chombomo atatsitsa chingwe choyezera sichinafike pansi, mpaka anachita kumasula waya wachitsulo n'kulumikiza, n'kupeza kuya kopitirira mamita 3,000. M'zaka zitatuzo ankaboola madzi oundana n'kutsitsa timaukonde ta nsalu, ngakhale m'miyezi imene dzuwa silituluka konse, n'kusunga kaphala kaja m'mabotolo. Sars sanakwere nawo chombocho. Anadikira kunyumba, ndipo mu 1900 anatulutsa lipoti lake ndi zithunzi, muli mitundu imene munthu anali asanaitchulepo dzina, monga Augaptilus glacialis, Temorites brevis ndi Spinocalanus longicornis. Chaka chomwecho kuno kwathu kunali maliro a Mpezeni woyamba, patangopita zaka ziwiri Angoni atagonjetsedwa ndi mfuti za azungu ndipo mwana wake Nsingo ataphedwa.

Mfumu ya makopepodi a m'madzi amenewo ndi Calanus hyperboreus, amene Sars anamupeza ali ndi dzina kale koma anamujambula mwaluso lomwelo. Poyerekeza ndi athu ndi chimphona, wofika mamilimita 7 kapena 8, ngati njere ya mpunga. Umamudziwa ndi ngodya zosongoka za kumapeto kwa chifuwa, pomwe mbale wake Calanus finmarchicus pamenepo n'pozungulira, ndipo m'kati mwa tsinde la mwendo wachisanu muli timano tondandalika ngati ta sowo. Thupi lake ndi loonekera mkati ngati botolo, ndipo m'botolomo muli thumba lalitali la mafuta.

Moyo wake wonse wazungulira pa thumba limenelo. Kumeneko chakudya chimabwera kamodzi pachaka, kwa masabata owerengeka, madzi oundana akayamba kupyapyala ndi kusweka, dzuwa n'kulowa m'madzi, ndere n'kuphuka. Pamenepo kopepodi amadya usana ndi usiku, ndipotu usikuwo kulibe chifukwa dzuwa sililowa. Chimene wadya amachisandutsa mafuta, mpaka ukamuumitsa n'kumuyeza, kuposa theka la kulemera kwake ndi mafuta okhaokha. Inswa za mvula yoyamba zimachepa kunona. Ndere zikatha amatsika. Amamira mamita mazanamazana, ndipo m'nyanja za pakati pa Greenland ndi Norway amapitirira mamita 1,000, kumdima ndi kuzizira kumene nsomba zosaka ndi maso sizimupeza. Kumeneko amaima duu, m'mimba mulibe kanthu, kwa miyezi yoposa theka la chaka, akunyambita mafuta ake pang'onopang'ono.

Chodabwitsa n'chakuti wamkazi amaikira mazira ali komweko, m'nyengo yamdima, asanalawe chakudya chatsopano. Mazirawo amawagawira mafuta ake omwe, ndipo poti mafuta samira, amakwera okha kupita pamwamba, tiana n'kuswa n'kumadya kamba amene mayi anatimangira mpaka ndere zitaphukanso. Kuti kamwana kakule mpaka kuikira, kamafundula kakhumi ndi kamodzi, ndipo kumpoto kwenikweni ulendowu umatenga zaka 3, 4 kapena kuposa, kutsika ndi kukwera chaka ndi chaka. Wa ku Tanganyika zonsezi amamaliza m'masabata.

Ife a kuno nkhani imeneyi sitichita kuimasulira. Nc'wala imagwa mu February, pamene nkhokwe yayamba kulira mphepo ndipo chimanga cha m'munda changoyamba kukhwima. Timadziwa kuti mvula ya miyezi inayi iyenera kudyetsa miyezi 12, ndipo timadziwa nkhope ya banja limene linagulitsa matumba onse mu June. Amayi a ku Kapata aja anafunsa ngati m'nyanja muli nkhokwe. Ku Arctic ilimo, koma aliyense amayenda nayo m'mimba mwake, ndipo ena onse amadzapempha kwa iye: nsomba ya polar cod, timbalame ta little auk timene timanyamula makopepodi m'kathumba ka pakhosi kukadyetsa anapiye, ndi namgumi wa bowhead, chinyama cha matani makumimakumi chimene chimayenda kukamwa kuli yasa, chikusefa njere za mpunga.

Mabotolo a kwathu anafika pambuyo pake. Mu 1904 ndi 1905 Mngelezi wina, William Cunnington, anayenda ulendo wofufuza zamoyo za m'nyanja ya Tanganyika, ndipo anakokanso kaukonde kake m'nyanja ya Nyasa. Nthawi imeneyo Fort Jameson, Chipata wa lero, ndiye anali likulu la North-Eastern Rhodesia. Makopepodi anawatumiza kwa Sars, ndipo mu 1909, mkuluyu ali ndi zaka 72, lipoti lake linatuluka ku Zoological Society of London. Wa ku Tanganyika anamutcha Diaptomus simplex, wa ku Nyasa Diaptomus cunningtoni, ndipo lero onse awiri amalembedwa Tropodiaptomus, dzina la Sars ndi chaka cha 1909 zili pambali. Ndikaliwerenga dzina lachiwirilo ndimakumbuka kuti opalasa bwato ndi amtengatenga amene anasenza mabokosi a mabotolowo sanalowe m'Chilatini. Amene anatikumbukirako pang'ono ndi wotcha dzina la nkhungu, timbu tija timene timafuka ngati utsi pa nyanja ya Malawi, anthu a kumpoto kwa nyanjayo n'kumatikola ndi kutiumba zikondamoyo. Anatitcha Chaoborus edulis, ndipo mawu achiwiriwo amatanthauza chodyedwa. Mphutsi za nkhunguzo ndi adani aakulu a cunningtoni, zimamulimbirana ndi usipa.

Munthu angaganize kuti poti nyanja zathu ndi zakuya, makopepodi athu nawonso amakabisala pansi ngati a ku Arctic. Tanganyika ndi wakuya mamita 1,470, Malawi pafupifupi 700. Koma pansi pa mamita ngati 200 kapena 250 madzi ake alibe mpweya wopuma, ndipo kopepodi kapena nsomba siingakhaleko. Kumadera oundana madzi a pamwamba akazizira kwambiri amalemera n'kumira, atanyamula mpweya, motero pansi pa nyanja pamapumika. Kwathu madzi ofunda amakhala pamwamba chaka chonse ngati chivundikiro, ndipo a pansi sasakanizika nawo. Chimene chimatithandiza ndi mphepo ya m'miyezi yozizira yochokera kummwera, imene pa nyanja ya Malawi amaitcha mwera. Imakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo kumapeto a kummwera, monga ku Mpulungu pa Tanganyika, madzi a pansi okhala ndi chonde amatumphuka, ndere n'kuphuka. Ndiye kuti moyo wonse wa m'nyanja zakuya chonchi wapanikizana m'kachigawo ka pamwamba.

Komabe athu nawo amatsika ndi kukwera, kungoti ulendo wawo ndi wa tsiku limodzi. Kukacha amamira kuthawa maso a kapenta, kukada amakwera kudzadya. Asodzi analoweza kalekale kuti nsomba za mtundu umenewu zimagwidwa usiku ndi nyale. Pa nyanja ya Malawi pali munthu wapadera, siginala, amene amakhala m'bwato ndi nyale zake kusonkhanitsa usipa anzake asanazinge ndi chilimira. Ku Kariba nyale zimapachikidwa pa zombo za makina, ina n'kutsitsidwa m'madzi pamwamba pa ukonde wozungulira. Mwezi ukakhala wathunthu nyale zimachepa mphamvu, nsomba zimabalalika, asodzi n'kupumula. Nkhani ya mwezi yomweyi inatulukiranso kumpoto mu 2016, pamene ofufuza a ku Scotland ndi Norway anasindikiza zimene makina awo omvera pansi pa madzi anapeza: m'miyezi yamdima ya ku Arctic tizilomboti timatsata mwezi m'malo mwa dzuwa, ndipo ukakhala wathunthu timamira pamodzi kufika mamita ngati 50. Msodzi wa ku Sinazongwe ukamuuza zimenezi sadabwa.

Kapenta wa ku Karibayo, wa mulu wa Siavonga uja, tinene, ndi mlendo. Anachokera ku Tanganyika pa ndege mu 1967 ndi 1968, ali tiana m'madzi, n'kutayidwa m'nyanja yatsopanoyo chakufupi ndi Sinazongwe, chifukwa pakati pa nyanjayo panali zooplankton zopanda wozidya. Anaswana mpaka anadutsa pa damu n'kukadzaza Cahora Bassa ku Tete. Dzina lake ndi Limnothrissa miodon, ndipo ku Kariba amakhwima akadali wamng'ono kuposa kwawo. Kuchepa kumene amayi aja anakuona ndi chala chimodzi kunalembedwanso m'mabuku a akatswiri.

Ntchito ina ya Sars imene imandisangalatsa kuposa zonse ndi ya dothi. Ankapempha anthu opita kutali kuti amutumizire matope ouma a m'mathamanda. Anamutumizira kuchokera ku Australia, ku New Zealand, ku South Africa, ku South America. Iye ankathira dothilo m'mabotolo a madzi n'kudikira, ndipo m'dothi louma la kutsidya kwa dziko munkatuluka tizilombo tamoyo, chifukwa ta m'mathamanda ouma timasiya mazira olimba kapena tiana togona todikira mvula. Mu 1895 anasindikiza za ta ku South Africa toleredwa motere. Apa ndiye anali ndi mwayi wojambula chamoyo chikusambira, ndi mtundu wake weniweni, ndi mazira ake, thamanda la ku Africa lili pa windo ku Norway.

Nditawerenga zimenezi ndinati nanenso ndiyese. Mu October wina, dzuwa likuswa mtengo, ndinapita kudambo la kuseri kwa mudzi n'kutola zibuma za pansi pa thamanda limene ng'ombe zimamwapo nthawi ya dzinja. Ndinaziika m'botolo lalikulu lagalasi, n'kuthira madzi a pa mjigo, n'kuika pa windo. Mayi a kunyumba anandifunsa ngati tsopano ndayamba zaung'anga. Masiku oyamba munali matope basi. Itatha sabata ndi theka, ndikuyang'ana botololo moyang'anizana ndi dzuwa la m'mawa, ndinaona kadontho koyera kakuti tswi, n'kuima. Kenako kena.

Ndinabwereka maikulosikopu yakale, ija ya kagalasi kolandirira dzuwa, n'kukhala pakhonde. Kanali kamkazi ka fuko la cyclops, diso lake limodzi lofiira, kakukoka timatumba tiwiri ta mazira uku ndi uku ngati njinga ya makala yopita ku Chipata. Ndinasomeka singano pa kamtengo ka machesi n'kuyamba kufuna mwendo wachisanu. Pa maikulosikopu yotere ukakankha singano kumanja imaoneka ikupita kumanzere, ndipo nsonga imene umaiyesa yosongoka imaoneka ngati musi. Dzanja limene ndinkaliyesa lokhazikika linkanjenjemera ngati la munthu wa malungo. Koyamba ndinakaphwanya. Kachiwiri kanauma pa galasi ndikusakasaka pensulo. Kachitatu ndinachotsa chinthu chimene ndinachiyesa mwendo, n'kuchijambula mosamala, kenako poyerekeza ndi tsamba la Sars ndinapeza kuti chinali chidutswa cha mchira. Mwa cyclops mwendo wachisanu ndi kachiphuphu chabe ka tiubweya tiwiri kapena titatu. Dzuwa linapendeka, kagalasi kanada, khosi langa litauma gwa, ine ndisanauone.

Nc'wala yotsatira ndinapitanso pa saka la amayi aja. Malonda anali atazizira, anthu onse ali kubwalo kudikira Inkosi ya Makosi. Ndinawatsegulira pa foni tsamba la Sars la achibale a uyu wa ku Tanganyika.

"Amayi, nachi chakudya cha kapenta wanu."

Anapukuta manja pa chitenje, n'kulandira foni, n'kuikuza ndi zala ziwiri. Anakhala chete nthawi yaitali, akuyendetsa chithunzicho uku ndi uku.

"Awa awiri si amodzi," anatero. "Uyu nyanga yake imodzi yathyoka."

Ndinawauza kuti siinathyoke, ndi wamwamuna, amagwirira wamkazi pamenepo. Anaseka mpaka mnzawo wa tomato anatembenuka.

"Ndiye mukuti anajambula ndi dzanja? Kopanda kamera?"

"Ndi dzanja, amayi. Ali nkhalamba."

Anabwereranso pa chithunzicho, n'kukuza pa miyendo, milomo ikuyenda. Ndinazindikira kuti akuwerenga tiubweya.

"Nanga kwawoko amadya timeneti?"

Ndinawauza kuti ku Norway masiku ano pali zombo zimene zimakola Calanus finmarchicus ndi maukonde othina, n'kufinya mafuta ake ofiira, n'kuwagulitsa m'timakapisozi. Anandibwezera foni, n'kuweramira mulu wa Siavonga kuukonza ndi manja awiri, chifukwa kubwalo kunali kutamveka mfuu ndipo anthu anali pafupi kutuluka.

"Meda yake amagulitsa zingati?" anafunsa.